Magalasi a Mzime

Mumsewu wotsikira ku maofesi a akazembe munali kasitudiyo kopanikizika pakati pa saluni ndi shopu yokonza mafoni. Mayi wojambula mmenemo anthu ankangomutchula kuti a Musaseke, poti mawu amenewa ndiwo ankatuluka m'kamwa mwake kuyambira m'mawa mpaka poweruka. "Dzutsani chibwano. Makutu aoneke. Musaseke." Kamera n'kuti tcha, wina akhale.

Ntchito yojambula zithunzi za pa pasipoti ndi pa viza inamulowa m'magazi. Anaiyamba ali mtsikana, chaka chomwe bambo ake anamwalira, atasiya sukulu n'kupita kukathandiza amalume ake omwe anali eni makinawo kalelo. M'kalasi ankakhala nambala wani, koma zimenezo ankazikumbukira ndi iye yekha. Ana a eni ake ankabwera kudzakhala pakampando kake, kumbuyo kuli chinsalu choyera, uku akulengeza kuti akupita kunja kukaphunzira udokotala. Iye ankadula zithunzi zawo mosamala, kuziika m'kaenvulopu n'kuwauza kuti ayende bwino. Akangotuluka ankatsonya.

Komabe nsanje ya pa mwana wa mwini sichedwa kuzilala. Yolusa inabwera ndi mng'ono wake weniweni, Mzime, atapatsidwa malo ku yunivesite ya kunja. Mayi awo anaiwala nkhani zina zonse za pansi pano. Ngakhale wowerenga mita ya madzi anakhazikidwa pansi kuti amve za nzeru za Mzime. Za amene ankachapa yunifolomu, kusita, ndi kumuperekeza mwanayo kusukulu mvula ili pamsana, palibe anazitchula.

Chinatsala ndi viza. Tsiku lokaonekera kwa kazembe linapezeka movutikira, ndipo Mzime anauzidwiratu kuti mapepala akakangolakwika, tsiku lina lidzapezeka sukulu itatsegulidwa kale, malo atapita kwa wina.

Dzulo lake la tsikulo Mzime anatulukira pasitudiyo atavala magalasi atsopano a timiyendo tagolide. Anakhala pakampando, n'kuwavula kuti awapukute. A Musaseke anajambula kamodzi poyesa kuwala.

"Dikirani kaye, achemwali," anatero Mzime akuwavalanso. "Ndikufuna ndikaoneke ngati munthu wa sukulu."

Munthu wa sukulu! Nanga enafe ndife anthu a chiyani? A Musaseke ankadziwa bwino lomwe kuti ofesi imeneyo chithunzi cha magalasi imabweza pageti pomwe. Mawu oti "vula" anafika pamilomo.

"Ndikakafika ndidzakutumizirani kamera yeniyeni," anapitiriza Mzime mokoma mtima, "musiye kuvutika ndi kamakina kokalamba kanuka."

Mawu aja anabwerera kukhosi. A Musaseke anaika diso pakamera, n'kujambula. Zithunzi anazisindikiza bwinobwino, kuzidula molunjika kuposa masiku onse. Mzime anamukumbatira n'kumapita akudumphadumpha.

Masana onsewo wojambulayo ankadziweruza yekha n'kumadzipeza wosalakwa. Sanamunamize mwanayo. Sanafunsidwe. Wophunzira si iyeyo? Akanawerenga yekha malamulo. Ndipo kunena zoona, pansi pamtima panali kakukoma kena poganiza za Mzime akubwera kunyumba misozi ili mbwembwembwe, mayi awo atasowa chouza anthu. Koma manja sanagwirizane nawo mlanduwo. Bambo wina anamudula khutu pachithunzi, mpaka anamujambulanso.

M'mawa mwake, atangotsegula situdiyo n'kuyatsa kamera, anakumana ndi chithunzi choyesera chija. Mzime wopanda magalasi, maso otupa ndi kuwerenga, kachipsera kali pansidze. Kachipsera kameneko anakadziwa. Mwanayo anapulumuka kumsana kwake ali wakhanda n'kugwera pamwala, ndipo tsiku limenelo amene analira kwambiri anali woberekayo. Nsanje sinathe ayi, inangopsinjidwa ndi mantha. Anasindikiza, anadula, n'kuutaya liwiro, situdiyo osatseka.

Pageti la kazembe mzere unali utakhota mpaka kuseri kwa mpanda. Mzime anali ataima pambali, kunja kwa mzere, atakumbatira mapepala ake pachifuwa. Mlonda amene amayang'ana mapepala anthu asanalowe anali pomwepo akumukalipira mwachifundo. Mlondayu ankawadziwa a Musaseke, poti anthu obwezedwa ankawatumiza kwa iwo, koma sankadziwa kuti awiriwa ndi a bere limodzi.

"Eya, mwayi wanu, ndi awa akubwerawa!" anafuula atamuona. "Mayi awa magalasi amakuvulitsani musanakhale n'komwe pampando. Chiyambire ine ntchito pano sindinabwezepo chithunzi chawo. Saiwala amenewa, olo atadwala. Mukanapita kwa iwowa, chemwali, osati kwa mbuli imene yakujambulaniyi."

A Musaseke anaima akupuma mwawefuwefu, envulopu ili m'manja. Mzime anaitenga, anaitsegula, n'kuona nkhope yake yopanda magalasi, yodulidwa kale pamuyeso wake. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anadzutsa maso.

"Ndiye mumadziwa, achemwali."

A Musaseke anabwera akukonza njira yonse bodza loti anaiwala, koma mlonda anali atalipha lisanabadwe. Mzime anavula magalasi, anawaika m'chikwama, n'kubwerera pamzere osacheuka.

Viza inatuluka. Kunyumba Mzime sanauze munthu, ndipo kukhala chete kwakeko kunawawa kuposa kutukwana. Ankamuyankha mkulu wake mwaulemu wonse, monga amayankhira mlendo.

Tsiku lonyamuka achibale anadzaza pakhomo, masutikesi ali m'galimoto. A Musaseke anabwera ndi kamera yake pakhosi, atapukuta diso lake mpaka kunyezimira.

"Tiyeni tijambulitse, mwanayu asanapite," anatero mayi awo. "Wojambula tili naye pakhomo pompano."

A Musaseke anayamba kubwerera m'mbuyo kuti onse akwane. Koma Mzime anatulutsa foni yake n'kuipereka kwa dalaivala wa takisi, munthu amene chala chake chinaphimba theka la diso la kamera ya foniyo.

"Tijambuleni ndinu, bambo," anatero. "Mmene zitulukire momwemo."