Tsiku Limene Tinagawana Odwala

Kiliniki ya ku Kabwata tinaitsegula awiri, ine ndi mnzanga amene ndinaphunzira naye udokotala, mwana wa telala wachiyawo wochokera ku Malawi. Panalibe pepala lililonse pakati pathu. Tinangogwirana chanza, iye n'kutenga chipinda cha kutsogolo, ine cha kumbuyo. Lachisanu masana akapita kumzikiti ndinkaona odwala ake. Loweruka ine ndili kutchalitchi, iye ankaona anga. Zaka zinapita choncho.

Itabwera inshulansi ya zaumoyo, tinamva kuti ngati tikufuna kulandira odwala a makadi a inshulansiyo tiyenera kukonza mapepala athu, kuwonjezera chipinda choyezera magazi, ndipo gawo la aliyense lidziwike. Tinapita kwa loya m'tauni. Anatifunsa zimene sitinaziganizirepo: "Wina akachoka, mafaelo a odwala atsala ndi ndani?"

Mnzanga anaseka. "Ba loya, odwala si mbuzi."

Ine sindinaseke. Chipatala china chachikulu cha ku Woodlands chinali chitandiitana kale, koma iye ndinali ndisanamuuze. Ndinapempha loyayo alembe kuti wochoka atenge odwala ake. Mnzanga anandiyang'ana kanthawi, kenako anasaina osawerenga n'komwe.

Sipanatenge nthawi, ndinamuuza kuti ndikuchoka. Tinakhala pa benchi ya odwala n'kumagawana mafaelo, uyu wako, uyu wanga. Banja lina linagawika pakati: mayi anali anga, ana awo atatu anali ake. Anandithandiza kunyamula makatoni mpaka pagalimoto.

Payekha sanathe kumanga chipinda choyezera magazi chija. Anthu a makadi anayamba kupita kwina, ndipo anatseka, n'kukalembedwa ntchito pa kiliniki ina ku Chelstone.

Mayi aja, ogulitsa nsalu ku Kamwala, ananditsatira ku Woodlands kamodzi kokha, atakwera minibasi ziwiri. Anadikira m'mawa wonse ndipo anaonedwa ndi dokotala wina, poti kumeneko wodwala amalowa kwa aliyense amene ali ndi mpata. Tinakumana pakhonde akutuluka.

"Ba dokotala, kuja munali kutidziwa," anatero. "Kuno andifunsa dzina katatu."

Ndinawauza kuti adzazolowera. Sindinawaonenso.

Mnzangayo masiku ano timakumana pamaliro basi. Timapatsana moni, kufunsana za ana. Nthawi zonse ndimati lero ndimupepesa, koma pamaliro pamachuluka anthu, ndipo ndimabwerera kunyumba ndisananene kanthu.