Bomba ndi Zinyenyeswa za Kapenta

Munali mu 1971, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndimakumbukira chitini cha oyilo wakutha wa galimoto, wakuda bii, chimene amalume ankasunga kuseri kwa nyumba yathu ku Matero. Oyiloyo ankapaka galu wanga, Bomba, ati kuchiza mphere. Bomba ankanunkha ngati galaja, koma kukanda osasiya. Ubweya unathothoka kumsana, makutu ali zilonda zokhazokha.

Sizinali mphere. Aphunzitsi athu, amene ankaweta agalu, anamuyang'ana n'kundifunsa zimene amadya. Amayi ankagulitsa kapenta, tinsomba touma, pathebulo pakhomo, ndipo zinyenyeswa zotsalira pansi pa thumba zinali za Bomba. Aphunzitsi anati agalu ena zakudya zina zimawakana, ngati anthu. Ndisiye kumupatsa kapenta, ndiyese mkute ndi mafupa.

Ndinatero. Ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukapempha mafupa kubutchala. Mvula isanathe zilonda zinauma, kaubweya kofewa n'kuyamba kumera. Ndinakoka dzanja la amayi kuti akhudze. Anakhudza.

Loweruka lina amalume anati akupita naye m'tauni kwa dokotala wa ziweto kuti akamubaye jekeseni. Bomba sankalola munthu wina kumugwira, choncho chingwe ndinamanga ndine. Ndinamukweza ndekha m'bokosi la panjinga. Anandinyambita chala.

Amalume anabwera okha. Anati adokotala amusunga. Loweruka lililonse ndinkafunsa, mpaka anatopa nane.

"Iwe, galu ni galu. Kafunse amayi ako."

Amayi anali pomwepo. Anaweramira m'thumba la kapenta, osadzutsa mutu. Sindinafunse.

Zotsalazo ndinazimva nditakula. Ogula anali atayamba kulambalala thebulo lathu, ati sangadye nsomba za pakhomo pa galu wa zilonda. Amayi ndiwo anatuma amalume kukamutaya kutchire, njira ya ku Mumbwa.

Thebulo lija ndilo linkatidyetsa. Pamsinkhu umenewo sindikanazimvetsa, ndipo lero sindinena kuti analakwa kusankha ana. Koma galuyo anali akuchira, iwo anakhudza okha. Akanandiuza zoona, ndikanalira n'kutonthola. M'malo mwake anadikira kuti chingwe chija ndimange ndine.

Chaka chimenecho ndinataya zitatu: galu, amalume amene sindinakwerenso njinga yawo, ndi mtima wokhulupirira mawu a amayi ndisanawayang'ane m'maso.