Ulusi wa ukonde m'galimoto ya Valentim

Che Waziri ali kunyanja ya Amaramba tsopano, akusoka maukonde a eni. Anthu a kuno ku Insaca galimoto ikawavuta magetsi amakafika mpaka ku Cuamba, n'kubwerako akudandaula. Ine sindiwamvera chisoni. Ndinalipo tsiku limene anamutaya munthuyo, ndipo onse amene anaima pamenepo ndimawakumbukira mmodzimmodzi.

Waziri ndi mwana wa msodzi. Nkhondo itafika anathawira ku Malawi monga tinachitira ambirife. Ine ndinkaphunzitsa ana kumsasa wa othawa kwawo, iye anapitirira mpaka ku Limbe, kumene anakhala zaka zisanu ndi zinayi pansi pa magalimoto. Kuwerenga sankadziwa, koma waya aliyense ankamudziwa kumene wachokera ndi kumene akupita. Mtendere utabwera anabwerera ndi chikwama cha zitsulo, n'kumanga chisakasa kuseri kwa msika, pafupi ndi nyumba yanga.

Chinsinsi chake ndinkachidziwa ndine ndekha. Maso ake ankachita ng'ala. Tsiku lina anandionetsa mawaya awiri, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti wobiriwira ndi uti.

"A Pulofesoli, zimenezi zithere pompano. Akangomva, palibe adzandipatse ngakhale nyali ya njinga."

Ndinalonjeza kusunga pakamwa.

M'chaka cha 1999 Valentim, wogula chimanga uja, injini ya galimoto yake inafa. Anakatenga ina ku Nampula, yochokera m'galimoto yogubuduzika, pamodzi ndi giyabokosi yake, ya mtundu wosintha yokha magiya. Amakaniko anaikamo zonse ndipo injini inalira bwino. Koma ponyamuka galimoto inkabuula ngati ng'ombe yodwala, chifukwa inkayambira giya yachinayi. Kabokosi kolamula magiyawo kanabwera m'jumbo, mawaya ake atadulidwa ndi chikwanje. Amakaniko anangokayang'ana, n'kuloza kwa Waziri.

Mitundu ya mawaya a kabokosi ndi ya m'galimoto sinkagwirizana, ndipo ngakhale ikanagwirizana Waziri sakanaiona. Iye ankagwira ntchito ndi khutu ndi zala. Mabowo a pulagi ya kabokosi ankawawerenga ndi chikhadabo, poti ntchito ya bowo lililonse anailoweza ku Limbe. Kenako ankagona pansi pa galimoto, khutu pa giyabokosi, n'kumagunditsa waya mmodzimmodzi ku batire. Zikamveka kuti "ta!" m'katimo, ndiye kuti wapeza waya wosintha giya. Wa liwiro anamupeza ponyamula tayala lakumbuyo n'kumalizunguza ndi dzanja, kababu koyesera magetsi kali pafupi ndi diso mpaka kataphethira. Wa mabuleki ndinamupondera ndine.

Waya aliyense wopezeka ankamumanga ulusi wa ukonde, mfundo zingapo, ndi mnzake wa kukabokosi mfundo zomwezo. Umu ndi mmene bambo ake ankaikira zizindikiro pa maukonde kuti asasokonezeke ndi a anzawo. Masiku atatu anatha, mawaya khumi ndi anayi atamangidwa mbali zonse ziwiri. Kunangotsala kulumikiza.

Tsikulo linali Lachisanu. Masana Waziri anasamba, n'kuvala mkanjo wake kupita kumzikiti. Ine ndinali pamzere kuboma, kudikira chidindo chimene mpaka lero sichinadindidwe. Pamenepo m'pamene Rabeca, mkazi wa Valentim, anabwera kudzaona galimoto. Anasuzumira pansi pa chiwongolero, n'kuona ulusi wakuda uli lendelende, mfundo zokhazokha. Anatenga lumo n'kudula wonse, n'kuutentha pa mbaula ya mayi wokazinga chinangwa.

Tinafika nthawi imodzi, ine ndi Waziri, n'kupeza anthu atazungulira chisakasa. Rabeca sanadikire moni.

"Che Waziri, galimoto ya mwamuna wanga mwaimangiranji? Mukufuna izibwerera kwa inu mwezi ndi mwezi eti?"

"Za ku Malawi zimenezo!" anakuwa João wogulitsa matumba. "Anapita ndi mphasa, abwerako ndi nyanga."

João ameneyu ndinamuphunzitsa ndekha, ndipo masamu ochotsera anamukanika zaka zitatu.

Waziri analowetsa dzanja m'galimoto, n'kupapasa mawaya aja. Anapapasanso kachiwiri. Kenako anakhala pa tayala lakale.

Valentim sanali munthu waphokoso, koma funso lake ndi limene linapweteka. "Che Waziri, ine sindikuti ndinu mfiti. Ingondiuzani. Mawayawa ali ndi mitundu kale, wofiira, wachikasu, wobiriwira. Munthu wamaso amangirenjinso ulusi?"

Waziri anatembenukira kumene ndinaima. Ndikanatha kunama kuti ndi mmene amachitira ku Limbe konse, ndipo akanandikhulupirira, poti ndine mphunzitsi. Koma bodzalo linadzandibwerera m'mutu mawa lake. Zimenezi nazonso ndimazisunga.

Waziri anali ndi njira ziwiri, kutchedwa mfiti kapena kuulula za maso ake, ndipo zonse zinkamutulutsa m'chisakasamo. Munthu wopita kumzikiti Lachisanu lililonse sakanalola kutchedwa womanga magalimoto a anthu ndi mankhwala.

"Mayi," anatero kwa Rabeca, "ufiti ndilibe. Chimene ndilibenso ndi maso. Nsalu mwavalayo sindikudziwa mtundu wake. Ulusi mwatenthawo ndiwo unali maso anga."

João anaseka. "Ndiye wakhungu n'kumagwira magetsi? Tipsa nazo galimoto!"

Rabeca anakonza mpango wake n'kunena kuti iye akanadziwa bwanji. Kupepesa sanapepese, ndipo mpaka lero tikakumana pamsika ndimayang'ana tomato.

Waziri anayambiranso. Anagonanso pansi paja masiku awiri, khutu pa chitsulo, n'kumanganso mfundo zomwezo, ulendo uno Valentim atakhala pambali pa mpando ngati wapolisi. Analumikiza mawaya awiriawiri, kuwotcherera ndi mtovu, kukulunga tepi. Kabokosi anakamangirira m'mwamba, kuseri kwa kabati ya kutsogolo, kuti madzi a dzinja asakafike.

Galimotoyo tinakaiyesa pa msewu wa ku Entre Lagos, Valentim akuyendetsa. Waziri anakhala pambali pake atatsinzina. Galimoto inanyamuka mopepuka.

"Yachiwiri," anatero. Patapita kanthawi, "Yachitatu. Pondani pang'ono, bwana." Tinadutsa mjigo, injini n'kutsitsa mawu. "Yachinayi. Basi, tibwerere."

Valentim anamugwira chanza ndi manja awiri. Koma mwezi wotsatira, nyali yakumbuyo itazima, Valentim yemweyo anapita nayo ku Cuamba. Enanso anachita chimodzimodzi. Waziri ankatsegula chisakasa m'mawa uliwonse, kuyala zitsulo pa chiguduli, n'kuzilongedzanso madzulo zosagwira mafuta. Anatero miyezi inayi.

Mvula isanagwe, mphwake Fadili anabwera ndi njinga yonyamulira nsomba. Anamangirira chikwama kumbuyo, Waziri n'kumatsatira wapansi, dzanja lili pa chishalo.

"Musakwiye kwambiri, a Pulofesoli," anandiuza potsanzika. "Kunyanja ulusi sautentha."

Galimoto ija inayenda zaka khumi ndi chimodzi, giya osaphonya ngakhale tsiku limodzi. M'chisakasa cha Waziri muli João tsopano, akugulitsiramo matumba.