Wenzulo wa Rahma

Ku Mitande kulibe mtsinje woti sitima n'kuyendamo, n'chifukwa chake anthu akamva a Abasi akukamba za Rahma amangoti ukalamba wawalowa m'mutu. Komatu Rahma inaliko. Kanali kasitima ka nthunzi ka mmwenye wina, amene anakatcha dzina la mwana wake wamkazi, ndipo kankanyamula thonje ndi nsomba zouma pa mtsinje wa Shire, ku Malawi. A Abasi anapita kumeneko ali mnyamata, n'kupatsidwa ntchito yoponya nkhuni m'ng'anjo, ntchito yowaula nsidze. Kasitimako sikanali kotamandika ayi. Kankatsokomola, kankatitimira mumchenga, ndipo pokwera mtsinje ngakhale munthu wapanjinga ankakasiya m'mbuyo.

Chokoma chake chinali wenzulo wamkuwa. Poyandikira doko, a Abasi ankakoka chingwe mwa njira yawoyawo, modukizadukiza kenaka motalikitsa. A Nuriya, akazi awo, akangomva kulirako ankasiya chilichonse, kaya ndi mtondo kaya ndi zochapa, n'kumanga mpango wabwino kukawachingamira. Anzawo ankawaseka kuti akwatiwa ndi sitima.

Malole atachuluka, mmwenye uja anakataya kasitimako m'bango kuti kadyedwe ndi dzimbiri. A Abasi anamasula wenzulo n'kuusunga. Nkhondo ya kwawo itatha, iwo ndi a Nuriya anabwerera ku Mitande kukalima chinangwa, wenzulo uli m'thumba la mbewu. Ana awo ena anamwalira, ndipo wotsala ali ku tauni ya Cuamba, amabwera pa maliro pokha.

Kenaka a Nuriya anayamba kuiwala. Anayamba ndi mchere, kenaka mayina a anansi, mapeto ake amuna awo omwe. Chilichonse a Abasi anapirira, koma ichi chinawabaya. A Nuriya ankawapatsa moni atagwada, ngati mlendo, ndipo ankakana kudya nawo pamodzi, amvekere, "Pepani bambo, ndine wapabanja." A Abasi ankadya okha pakhonde, akufuna chinthu chimodzi chokha: kuti mayiwo awatchule dzina kamodzinso.

A Abasi anatulutsa wenzulo uja n'kuupukuta ndi phulusa. Anauuzira ndi pakamwa mpaka chizungulire, koma zii. Anayesa pampu ya njinga, unangoti fwii ngati mphaka. Wenzulo wa sitima umafuna nthunzi, ndipo m'mudzi monsemo mgolo wotseka bwino, wokhala ndi paipi, unali wa mayi Kristina, otcheza kachasu kuseri kwa munda wa a Abasi.

Tsono taganizani, mkulu wa chikofia, amene sanalawepo mowa chibadwire, n'kumaoneka m'mawa ndi masana pa mgolo wa kachasu! Kumzikiti anthu anayamba kuwapatsa moni wa nsonga za zala. Iwo sanafotokoze kanthu. Akanayambira pati, poti za Rahma zomwezo palibe ankazikhulupirira?

"Agogo, mukandiphulitsira mgolo wangawu tiyambana," anatero mayi Kristina.

"Mayi, moto ndimaudziwa kuposa mmene ndimadziwira ana anga. Thirani madzi okhaokha, nkhuni ndisonkha ndekha."

Anamangirira wenzulo kupaipi ndi mphira, n'kumata ndi dongo. Mgolo utayamba kunjenjemera, a Abasi anakoka kachingwe, modukizadukiza kenaka motalikitsa. Rahma inalira pakati pa chinangwa, nkhuku n'kubalalika. Mayi Kristina anagwira pakamwa.

"Kani kasitima kaja n'koona!"

A Abasi anali atauyamba kale wakunyumba, ndodo itatsala pamgolo, akufulumira ngati mnyamata.

Anakumana ndi a Nuriya pakanjira ka m'munda. Mayiwo anali atamanga mpango wawo wa pa chikondwerero cha Idi, nkhope ikuwala mmene sinawalire chiyambire matendawa, ndipo ankayenda mofulumira. A Abasi anaima pakati pa njira, manja akuda ndi mwaye, fungo la utsi lili thupi lonse, monga mmene ankatsikira padoko kale.

"Nuriya," anatero.

A Nuriya anawayang'ana mwaulemu, n'kupinda bondo pang'ono.

"Zikomo bambo, ndidutseko. Amuna anga a Abasi afika, angandisowe padoko."

A Abasi anapatuka n'kuima m'chinangwa. Mayiwo atadutsa, iwo anawatsatira chapatali, kuopa kuti angasochere.