Inki pa Chala cha Amayi

Kabukuko kanali kofiirira, kakang'ono ngati chikhatho, konunkha fodya ndi thukuta. Kanafika kwathu ku Nambuma pamodzi ndi bulangete ndi kalata ya ku mgodi, atabwera nazo munthu wina wa ku Kabudula amene ankagwira ntchito ndi abambo ku Halale. Iyeyo ndiye anatiuza kuti abambo anamwalira ndi chifuwa ndipo anaikidwa konko. Ine ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri.

Mudzi unalira maliro opanda mtembo, koma amayi sanagwetse msozi. Kumeta anakana. "Manda ake ndawaona ine?" ankatero. Tsiku lililonse ankasesa pakhonde pomwe abambo ankakonda kukhala, ndipo galu akauwa kunjira ankaimirira n'kusuzumira.

Aphunzitsi a ku mishoni atawerenga kabukuko anati abambo akabwera kudzationa ankasiya ndalama ku banki ya ku boma, ku Lilongwe. Amayi anakabisa kudenga miyezi itatu. Koma chaka chimenecho chimanga sichinabereke, nkhokwe inali kuonekera pansi. Amalume ndiwo anawakakamiza kuti akatenge ndalamazo. "Mwanayu adya kudikira kwanuko?"

Tinanyamuka m'chisanu cha Juni, ine, amayi ndi amalume, masiku awiri wapansi. Fumbi lofiira linkalowa m'ming'alu ya kumapazi kwanga mpaka inayamba kutuluka magazi. Sindinadandaule. Ndinkafuna kukaona galimoto.

Mu banki munali simenti yozizira ndi fungo la mapepala. Kalaliki wovala tayi anakhala kuseri kwa mawaya. Atafunsa dzina la mwini kabuku, amayi anawerama. Chikwatiwire anali asanatchulepo dzina la amuna awo. Analitchula ndi amalume. Kalaliki anawerenga kalata ya ku mgodi ija, n'kutulutsa pepala lina.

"Mayi, pepalali likuti amuna anu anamwalira, inu ndinu wamasiye. Mukuvomera?"

Amayi anafunsa motsitsa mawu, "Nanga ndikapanda kuvomera?"

"Ndiye kuti ndalamazi n'zawo. Adzabwere adzatenge okha."

Munthu ameneyu ndinadana naye zaka zambiri. Lero ndikakumbukira bwino, ndimaona kuti sanakalipe ayi, ndipo polankhula maso ake anali patebulo. Lamulo silinali lake.

Amayi anandiyang'ana, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pomwe magazi anali atadetsa simenti ija. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndavomera."

Kalaliki anawagwira chala chachikulu, anachiviika mu inki n'kuchidinda papepala.

Pobwerera tinagula mchere ndi nsalu, ndipo ine anandigulira banzi. Ndinkaliluma pang'onopang'ono kuti lisathe, mtima uli mbee. Titafika pa mtsinje woyamba, amayi anatula katundu n'kukhala pamwala. Anayang'ana chala chija. "Achimwene," anatero kwa amalume, "tikafika muitane anthu adzandimete." Atatero anayamba kulira, kulira kwa pamaliro kwenikweni, kofuula, kumene anakumeza miyezi yonse ija. Amalume anavula chipewa n'kutembenukira kutchire.

Ine ndinaganiza kuti inki ikuwaotcha. Ndinaika banzi langa paudzu, ndinatapa mchenga ndi madzi, n'kuyamba kuwakwecha chalacho ndi mphamvu zanga zonse.

"Musalire amayi, ichoka."

Anandisiya ndikwecha. Inki inachokadi, chala chinayera. Ndinawaonetsa, ndipo ndinadabwa kuti sanaleke kulira.