Amalume Amene Tinawatola pa Boda

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwina zitatu. Amayi ankangoti ndinabadwa fodya ali pa nazale, ndiye zakazo mudziwerengere nokha. Sukulu ndinali sitandade folo, ndipo ndi pomwepo pamene ndinatsikira. Anthu amati ndinalephera, koma ine ndimati aphunzitsi ndi amene anatopa. Manambala okha ndinkawadziwa, ndipo ndi manambalawo amene anandikweza basi koyamba m'moyo mwanga.

Bambo anga anapita ku Zambia ndili wamng'ono. Anali katswiri wowotcha fodya wa m'mabani, woti akangoika dzanja pakhoma la bani ankadziwa ngati moto wakwana kapena tsamba lipsa. Atamva kuti pafamu ina kuseri kwa Lusaka amalipira bwino anthu a luso limeneli, ananyamuka. Kwathu kwa Lukwa anasiya mkazi, ana anayi ndi njinga. Njingayo anaipachika kudenga ndi luzi, n'kunena kuti idzatsika miyendo yanga ikadzafika pa mapedulo. Ine ndinkakwera pamtondo n'kumazunguliza gudumu lake ili m'mwamba momwemo. Ndinafika nayo ku Lilongwe kangapo osatuluka m'nyumba.

Tsiku lina, anthu atangomaliza kukolola, kunabwera munthu wa mudzi woyandikana nafe amene ankachokera kufamu komweko. Anakhala pakhonde, nakana madzi, nayang'ana pansi.

"Nabanda, amuna anu chifuwa chawagwira. Akuti mukawatenge, akufuna adzadwalire kwawo."

Nabanda ndiwo amayi anga, pakuti mfunda wawo unali wa Banda. Sanalire. Anagulitsa mbuzi ziwiri ndi mtedza wonse wa m'nkhokwe. Zitapanda kukwana, anandituma kudambo kukadula udzu umene sunkafunika, ndipo pobwerera ndinapeza kudenga kwangotsala luzi likulendewera.

"Bambo ako akachira adzagula ina," anatero. "Iwe konzeka, tipitira limodzi. Ine zilembo ndimaziona ngati nyerere. Ukakhala maso anga."

Masiku amenewo ife kuno tinali tikadali pa mapaundi ndi mashereni, pamene a ku Zambia anali atayamba kale kwacha ndi ngwee zawo. Inu a masiku ano mumangodina foni n'kudziwa mtengo wa ndalama ya dziko lililonse. Ife tinkangodziwa kuti kutsidya kwa malire ndalama yathu sagulira ngakhale chikondamoyo, ndipo kuti pa boda pamakhala anthu osintha. Amayi anakulunga ndalamazo m'kansalu, n'kumanga m'chiuno m'kati mwa chitenje. Ulendo wonse wa pabasi, kudzera ku Lilongwe mpaka ku Mchinji, dzanja lawo silinachoke pamimba, moti mayi wina anawafunsa ngati akudwala.

Titadutsa pa boda tinaima pansi pa mtengo, fumbi lili m'mano, osadziwa kolowera. Anyamata osintha ndalama anatizungulira, aliyense akukuwa mtengo wake. Amayi anachita mantha n'kundigwira paphewa. Kenaka panabwera bambo wina wa jekete loyera ndi nsapato zopukuta, wa imvi pang'ono m'mbali, nawabalalitsa anyamatawo ngati nkhuku.

"Asiyeni mayiwa apume. Mwachokera kutali, mayi? Kodi ndinu Na ndani?"

"Nabanda, wa ku Kasungu."

Bamboyo anavula chipewa. "Mlongo wanga! Inetu ndine Banda, kwathu ndi kwa Kaluluma. Ndinatchona kuno kalekale."

Anafunsa za mvula, za fodya, ngati mtsinje wa Dwangwa unadzaza chaka chimenecho. Amayi atamuuza za matenda a bambo, anapukusa mutu nthawi yaitali. Ine anandigulira sikono, n'kundisisita m'mutu, akuti mphwake. Ndinaona mapewa a amayi akutsika koyamba chichokere kumudzi. Kunena zoona nanenso ndinamukonda. Sikonoyo inali yofewa.

Anati anyamata aja ndi akuba, ndipo iye atisinthira pamtengo wa pachibale. Amayi anatembenukira kumtengo, namasula kansalu kaja, n'kumupatsa zonse. Iye anawerenga zathuzo pang'onopang'ono, kawiri. Kenaka anatulutsa zake m'thumba la m'kati, mapepala atsopano onunkhira ngati buku la kusukulu, onse opindidwa pakati. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kuwerenga m'mphepete mwake, mofulumira ngati munthu wosoka fodya, akutchula manambala mokweza kuti timve. Atamaliza anamanga mpukutuwo ndi kaulusi.

Amayi anagwada pafumbi pomwepo, nalandira ndi manja awiri. "Zikomo a Banda. Mulungu ndiye wakutumani."

Ine ndinakumbukira ntchito imene ndinayendera. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge mpukutuwo, n'kuyamba kukoka kaulusi kaja. Khofi la amayi limene linatera padzanja langa ndimalimvabe kukazizira.

"Iwe, ulemu unausiya kuti? Ndalama za amalume ako sawerenga pamaso pawo."

"Musiyeni mwana, mlongo," anatero bamboyo akuseka. "Sukuluzi zikutiwonongera ana."

Musawaseke amayi anga. Kwathu munthu akakupatsa kanthu umagwada, umalandira ndi manja awiri, umathokoza potchula mfunda wake, n'kubisa. Kuwerenga iye akuona ndiye kuti wamutcha wakuba. Ndi mmene anawalerera, ndipo ndi mmene ankatilerera ife. M'mudzi mwambo umenewu sunkapweteka munthu, chifukwa wokubera mawa lake mukumana naye pachitsime.

Tinakwera lole mpaka ku Chipata. Kudepoti, pawindo logulira matikiti a ku Lusaka, amayi anapereka mpukutu wonse kwa kalaliki kuti atengepo yekha. Kalalikiyo anadula ulusi, nayamba kutambasula mapepala limodzilimodzi patebulo. Apo ndi pamene ndinaona zimene zinachitika. Pepala lopindidwa pakati lili ndi mphepete ziwiri, ndipo amalume athu ankawerenga zonse ziwiri. Kunja kwa mpukutu anaikako mapepala akuluakulu, m'kati monse munali ting'onoting'ono.

"Mayi, izi zikukwana munthu mmodzi chabe," anatero kalaliki. "Mupita ndinu kapena mwanayu?"

Amayi anati awerengenso. Anawerenganso. Anthu a pamzere anayamba kung'ung'udza, ndipo tinapatuka n'kukakhala pansi pafupi ndi mayi wina amene ankagulitsa tiyi ndi mbatata yophika. Mayiyo atamva nkhani yathu anafunsa ngati munthuyo anali wa jekete loyera.

"Ameneyo mudzi wake umasintha ndi basi imene yafika. Tsiku lina anali Phiri wa ku Dedza."

Amayi anayang'ana ndalama zili pamiyendo. Kupita okha kunali kundisiya ine m'tauni ya eni, ndiponso iwo sakanatha kuwerenga ngakhale chikwangwani cha potsikira. Kunditumiza ndekha sakanayerekeza. Kubwerera ku boda kunali kudya ndalama zotsalazo pofunafuna munthu amene mwina anali atasanduka kale Mwale. Basi ya ku Lusaka inalira, inatulutsa utsi wakuda, n'kunyamuka ife tikuiona.

Mayi wa tiyi uja anatichitira chifundo. Amayi anayamba kumutungira madzi ndi kumutsukira makapu, ine ndinkasenza akatundu a anthu otsika basi. Tinkagona pakhonde la sitolo, chitenje chimodzi anthu awiri. Ngwee iliyonse imene ndinkalandira ndinkapita nayo kwa amayi, iwo n'kumanga pamfundo. M'mawa uliwonse basi ikamanyamuka ankasiya makapu n'kuima, manja akudontha madzi, mpaka itakhota. Sabata inatha, ina inayamba. Za khofi lija sanatchule, inenso sindinatchule.

Tsiku limene ndalama zinakwana tinakwera. Msewu wa ku Lusaka ndi wautali, wa mapiri ndi zigwa, ndipo ine ndinasanza njira yonse, zimene zinandichotsera ulemu wonse wa munthu wa sitandade folo. Kuchokera ku Lusaka tinafunsira mpaka tinafika pafamupo masana, mabani ataima m'mizere ngati matchalitchi opanda mawindo. Fungo lake linali la kwathu, la fodya ndi nkhuni.

Anatilandira ndi a Mwale, munthu wa ku Ntchisi amene ankawotcha fodya limodzi ndi bambo. Atangomva kuti ndife a ku Kasungu anavula chipewa. Mtima wanga unadumpha, chifukwa wovula chipewa womaliza ndinali ndisanamuiwale. Koma awa sanamwetulire.

"Mwachedwa pang'ono, mayi. Tinawaika dzana."

Anatitengera kuseri kwa mabani, pansi pa mitengo ya masuku. Dothi linali lisanaume, ndipo mapazi a anthu oika maliro ankaonekabe. A Mwale anatiuza kuti masiku omaliza bambo anapempha kuti mphasa yawo iziyalidwa pakhomo, poonekera msewu. Lole ikamveka ankadzutsa mutu. Ankauza anzawo kuti mnyamata wawo pano miyendo iyenera kuti yafika pa mapedulo.

Amayi anagwada pamandapo. Anatola timiyala ndi tizitsotso pamtumbira, monga mmene ankasankhira nyemba, mpaka panayera.

Madzulo dzuwa lisanalowe anthu a pafamu anasonkhana pakhomo pa a Mwale. Anatulutsa jekete la bambo, bulangete, ndi kachitini ka tiyi. M'kachitinimo munali ndalama zimene bambo ankasunga kuti adzabwerere nazo kumudzi. A Mwale anatchula kuchuluka kwake, n'kupereka. Amayi anagwada, nalandira ndi manja awiri, nathokoza potchula mfunda. Kenaka, m'malo mobisa, anatembenuka n'kundipatsa ine kachitiniko.

"Werenga."

Mayi wina anagwira pakamwa. Awa anali anthu amene anadwazika bambo, anakumba manda, anakhoma bokosi ndi matabwa a pafamu, ndipo ife tinkawawerengera ndalama pamaso. Nkhope ya amayi inali ngati ya munthu amene akumeza mankhwala owawa.

"Musiyeni awerenge," anatero a Mwale mofatsa. "Tambasula limodzilimodzi, mwana wanga. Usathamange."

Ndinatambasula pepala lililonse pabondo panga. Zinakwana, n'kupitirira. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa, ndipo ndinabwereza. A Mwale anati zapamwambazo ndi chipepeso chimene anthu a m'mabani anasonkha, sanafune kuchitchula. Apo ndi pamene amayi analira, kulira kumene sanalire pamanda.

Tinabwerera kwa Lukwa ndi jekete ndi bulangete. Kusukulu sindinapitenso, munda unkafuna munthu. Amayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo dzina la munthu wa pa boda uja silinatulukenso pakamwa pawo. Koma akagulitsa mtedza, ngakhale kambale kamodzi, ankandiitana kulikonse kumene ndili, n'kutambasula dzanja lawo lili ndi ndalama. Ine ndinkawerenga, wogulayo ataima pomwepo.

Lero m'mudzi muno amanditcha nkhalamba yowerenga. Mavenda a soya akandiona amabisa sikelo. Malemu mkazi wanga ankati tsiku la ukwati wathu ndinawerenga ndi alendo omwe. Ndimaseka nawo, chifukwa kufotokoza n'kwakutali.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga Tadala anabwera kudzatsanzika, akupita ku Joni pabasi kukagwira ntchito. Malire atatu ali kutsogolo kwake, ndalama za mitundu itatu. Ndinalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mapepala opinda pakati, ndipo ndinamuwerengera mokweza mpaka khumi. Mwanayo analeredwa bwino. Anagwada, nalandira ndi manja awiri, natchula mfunda wanga nati, "Zikomo a Phiri," n'kuyamba kulowetsa m'chikwama.

"Tawerenga," ndinatero.

"Aa, agogo, pamaso panu?"

"Pamaso panga pomwe pano."

Anatambasula mwamanyazi. Anapeza asanu. "Agogo, mwandibera."

"Eya. Ndipo ine ndine agogo ako enieni, ndinakunyamula uli wofiira. Nanga amene ukakumane naye pa boda?"

Ndinamuuza kuti mtengo wa ndalama aufunse asananyamuke, zake asapereke asanagwire za wosinthayo, ndipo pepala lililonse alitambasule ndi zala zake. Ndinamuuzanso kuti akakumana ndi munthu wa kwathu amene wayamba ndi kufunsa mfunda, amupatse moni wabwino, koma munthuyo ayambe wanena wake. Anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala zanga za masiku onse. Kenaka ndinamufotokozera za njinga, za sikono, ndi za manda a kuseri kwa mabani, amene palibe wa kwathu anapitakonso kukalambula.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti chinatichedwetsa ndi umbuli wa amayi. Tsopano ndakalamba kuposa mmene iwo anakalambira, ndipo ndikuona kuti sanali mbuli. Anali ndi ulemu, ndipo munthu uja ankadziwa pamene ife a ku Kasungu timausunga. Sindikufuna kuti adzukulu anga autaye. Ndikungofuna kuti munthu wina asadzawagwirenso pamenepo.

Ndinatulutsa mapepala asanu otsalawo m'thumba la jekete n'kumupatsa Tadala. Anagwadanso, nalandira ndi manja awiri, nathokoza. Ndipo ali chigwadire choncho, anayala ndalamazo pabondo n'kuyamba kuwerenga.