Galimoto ya Asibweni Inkanjenjemera

Ndimakumbukira kapu. Inali yachitsulo, yoyera, yosupuka m'milomo, ndipo ndinaiona ikuyenda yokha. Amalume anga, amene kwathu ku Wenya timati asibweni, anaiika pa boneti ya galimoto yawo muli tiyi, galimoto itangoima pabwalo injini ikulira. Kapu ija inayamba kusuntha pang'onopang'ono, tiyi akudumphadumpha, mpaka inafika m'mphepete n'kugwera m'fumbi. Ine ndinaseka. Mng'ono wanga anaseka. Amama sanaseke. Anali atakhala pakhonde akupeta mawere, ndipo anangoti maso tong'o pa galimoto, mpaka nkhuku zinayamba kujompha m'lichero iwo osaziona.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mng'ono wanga zisanu ndi ziwiri. Inali nyengo ya chisanu, titakolola kale, mphepo yochokera ku mapiri a Mafinga ikung'amba milomo. Adada anali atapita ku Zambia kalekale osabwerera, ndipo masiku amenewo banja lokhala ndi munthu kutsidya linkayenda mosamala, chifukwa anthu ankaliyang'ana kawiri. Galimoto ya asibweni inali yakale, ya dizilo, yotsegula kumbuyo, imodzi yokha m'dera lathu lonse. Inkanyamula chimanga, odwala, maliro. Ikamathamanga inkalira bwino. Koma nyengo imeneyo ikangoima, injini ikulira yokha phazi atachotsa, chimene asibweni ankati sailensi, inkanjenjemera ngati munthu wa malungo. Zitseko gwedegwede, galasi la m'mbali osaonamo nkhope.

Sabata yomweyo aphunzitsi athu, bambo wochokera kuchigawo chapakati, wa jekete imodzi chaka chonse, anabwera ndi nkhani. Ku boma ku Chitipa kunkabwera alendo akuluakulu a chipani, ndipo ana a sukulu yathu tinasankhidwa kukaimba. Ine ndinaikidwa mzere woyamba chifukwa cha mawu anga, mng'ono wanga kumbuyo kwanga. Galimoto yotinyamula inali ya asibweni. Sanawapemphe ayi. Anangowauza tsiku, Loweruka.

Ine chimwemwe chake! Ndinali ndisanafikeko ku boma. Ndinkaimba potunga madzi, ndinkaimba posenda chinangwa, ndinkaimba mpaka amama kundiuza kuti nditseke pakamwa ntchentche zingalowe.

Asibweni anayamba kuifufuza galimoto Lachitatu. Amama, amene sankadziwa ngakhale dzina la sipanala, anasiya ntchito zawo n'kumaima pambali, manja atapinda pachifuwa. Ine ndinkakhala pa mtondo ndikuonerera.

Poyamba asibweni anaganiza za mafuta. Dizilo wa masiku amenewo ankabwera m'migolo, ndipo nthawi zina ankakhala ndi madzi. Anamasula kunsi kwa sefa ya mafuta, n'kukhetsera m'botolo, n'kulikweza kudzuwa. Madzi akakhalamo amakhala pansi, anatero, amaoneka ngati diso. Munalibe diso. Kenako anati mwina mwalowa mpweya. Anapopa ndi chala kampope kakang'ono kambali pa injini mpaka mafuta anatuluka opanda thovu. Analiza. Inanjenjemerabe.

Lachinayi anachita chinthu chimene chinandiopsa. Injini ikulira, anatenga sipanala n'kumamasula timapaipi tinayi topita ku manozo, timilomo tothira dizilo m'injini, kamodzikamodzi. Akamasula kamodzi, dizilo ankathovoka m'zala zawo, fungo lake lolowa mpaka kummero, injini n'kuyamba kutsimphina ngati ikufa. Akamanga inkadzuka. Anafotokozera amama kuti ali ngati amayi anayi osinja mu mtondo umodzi. Ukamugwira dzanja mmodzi, kulira kwa minsi kumasintha. Ukamugwira koma osasintha kanthu, ndiye kuti ameneyo sankasinja n'kale. Anamasula koyamba, inatsimphina. Kachiwiri, inatsimphina. Kachitatu, kachinayi, chimodzimodzi. Onse anayi ankasinja.

"Ndiye chikuigwedeza n'chiyani?" anafunsa amama.

Asibweni anaizimitsa, n'kutenga mtengo wautali, n'kuulowetsa kunsi kwa injini, n'kutsamira. Ndinaona ndi maso angawa injini yonse ikunyamuka mbali imodzi ngati chivundikiro. Labala wokhuthala amene injini imakhalapo anali atang'ambika pakati, wakuda, wofewa ndi mafuta ngati chinangwa chovunda. Injini sinkadwala. Inali itangosowa pokhala, n'kumavina yokha m'kati.

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapeza. Kenako analowa pansi chagada kuti aone bwino, ndipo kuseka kuja kunatha. Anakhala pansipo nthawi yaitali. Potuluka anali atatambasula chala chimodzi, chonyowa, osati ndi dizilo koma ndi mafuta ena oyera.

Anandiuza kuti ndipite kukasewera. Ndinangozungulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo zimene ndinamva kumeneko ndinazimvetsa patapita zaka. Injini ija pogwera mbali inkakhuza kapaipi ka mabuleki. Inali itakadya mpaka kung'anima, kutsala kopyapyala ngati khoko la anyezi, ndipo kanali katayamba kuchita thukuta. Labala ndi paipi yatsopano zinkapezeka ku Karonga kapena ku Mzuzu. Loweruka linali mkuja.

"Kawauzeni kuti yafa," anatero amama.

"Mudumbu wane, mlongo wanga," anatero asibweni, "aiona ikuyenda dzulo. Ife a mlamu wathu ali ku Zambia, galimoto n'kufa tsiku la alendo? Ukudziwa dzina limene adzandipatse."

"Nanga ana?"

"Ndiyenda ndi giya. Buleki sindiponda."

"Pa chitsetse chija cha njira ya ku boma simuponda?"



Lachisanu asibweni anadula chidutswa cha tayala, n'kuchikhomera pansi pa injini, n'kumanga ndi waya. Paipi ija anaikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Kenako anapotoza kabawuti ka pa mpope wa dizilo kuti injini izilira mokwera pang'ono ikaima. Kunjenjemera kunachepa. Aphunzitsi atabwera madzulo anaika dzanja pa boneti n'kunena kuti, "Yachira bwanji, mwagwira ntchito bambo." Asibweni anathokoza, anati yewo. Lero ndimadziwa kuti sanaichize. Anangoiphunzitsa kubisa, monga tonse tinkachitira.

Sindikuwaweruza asibweni. Ndili ndi ana awiri anga tsopano, wamng'ono akuyamwa, ndipo ndikulemba izi ndikudzukadzuka kukasuzumira pakhomo. Mantha ndikuwadziwa. Amakuchititsa kumanga imfa ndi mphira wa njinga n'kumati mwina.

Loweruka kutacha amama anatidzutsa, n'kutitengera kubafa ya udzu kuseri kwa nyumba. Anati atisambitse okha kuti tikaoneke bwino ku boma. Ndinadabwa, chifukwa ndinali nditasiya kalekale kusambitsidwa. Madzi anali ofunda. Atatipukuta, anatulutsa kansanza kamene anakapinda m'chitenje, n'kuyamba kundisisita nako kukhosi, kuseri kwa makutu, pachifuwa, m'mikono, kumaso. Anachita msangamsanga, akupuma ngati athamanga, osandiyang'ana. Kenako mng'ono wanga chimodzimodzi.

Poyamba sindinamve kanthu. Kenako moto. Aliyense wokulira kumudzi amachidziwa chitedze, ubweya wake ukangokukhudza pang'ono podutsa m'tchire. Ife anatipaka. Ndinakuwa, ndinadzikanda mpaka zikhadabo zinatuluka ndi magazi, mng'ono wanga anadzigubuduza m'matope a m'bafa. Amama anatigwira mikono mwamphamvu, nkhope yawo pafupi ndi yanga.

"Mukanena, asibweni anu awatenga. Mwadzuka choncho. Mwamva? Mwadzuka choncho."

Anativeka mayunifolomu athu ochapa bwino, n'kutikoka mpaka kusukulu. Ana anzathu anali atakwera kale kumbuyo kwa galimoto, akuimba. Ife khungu lonse zidzolo, maso ofiira otupa ndi kulira, mamina akutsika. Amama anagwada pamaso pa aphunzitsi, n'kunena mu Chichewa chawo chosweka kuti ana ndi awa, adzuka motere, koma asatsale, akaimbire alendo. Anafika pomunyamula mng'ono wanga kuti amukweze.

Aphunzitsi anabwerera m'mbuyo, mpango uli pamphuno.

"Mayi, mutsitseni. Chikuku ichi. Mukufuna tikapatsire alendo chikuku? Pitani nawo kunyumba, asatuluke."

Amama anachonderera kachiwiri, anthu onse akumva. Aphunzitsi anakana kachiwiri, anthu onse akumva. Asibweni anali pa chiwongolero. Anatiyang'ana ife, anayang'ana mlongo wawo, kenako anayang'ana kutsogolo. Mtsikana wina wa kalasi yathu anauzidwa kuti aime pamalo panga mzere woyamba. Galimoto inanyamuka nyimbo yanga ili m'kamwa mwa ena.

Sanafike ku boma. Uthenga unabwera masana ndi munthu wa panjinga. Pa chitsetse chija buleki inalowa mpaka pansi ngati waponda phala, ndipo asibweni anaikhotetsera dala kuchitunda kuti isapite kuphompho. Palibe anamwalira. Aphunzitsi anathyoka phewa, ana ambiri anachekeka, ndipo mtsikana uja anatenga malo anga anapanikizika mwendo. Amatsimphina mpaka lero. Ndimakumana naye kuchigayo, timapatsana moni bwinobwino, amandifunsa za ana.

Amayi a ana enawo amama sanawauze kanthu, Lachisanu lija kapena tsiku lina lililonse. Ndazunguzika nazo zaka zambiri. Akanauza ndani? Mawu amodzi pachitsime akanafika ku boma galimoto isanafike. Komabe mwendo uja. Ndikamuyang'ana mwana wanga wamkulu ndimadzifunsa ngati ndikanachita zosiyana, ndipo yankho limene limabwera silindisangalatsa.

Koma m'mawa uja uthenga unali usanabwere, ndipo ine sindinkadziwa chilichonse koma kuyabwa ndi ukali. Titafika kunyumba amama anatseka chitseko, anativula, n'kutikhula thupi lonse ndi phulusa, kenako mafuta a nsatsi. Ankachita mwakachetechete, misozi ikugwera pamsana panga. Ndinawauza kuti ndi mfiti. Ndinawauza kuti adada akadzabwera ndidzawanenera. Sanandimenye.

Pamene ankamupaka mng'ono wanga ndipamene ndinaona manja awo. Chitedze chija anakathyola okha kumtsinje ndi manja opanda kanthu, n'kuchikungudzira m'kansanza. Zala zinali zitatupa mpaka osapindika, zikhato zofiira ngati zaviikidwa m'madzi owira. Mafuta onse anathera pa ife. Iwo anangokhala pansi atatsamira chitseko, manja aja atawaika pamaondo, osawakanda, khutu lili kumsewu.

Ndinawayang'ana manjawo, ndipo mumtima mwanga ndinati, akhaula, zawayenera.